Zakumwa za pa chinkhoswe zopanda ngakhale dontho la mowa

Funso: Ndimakhala ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa. Mng'ono wanga akuchita chinkhoswe mu Disembala ndipo za zakumwa andisiyira ine. Tikuyembekeza anthu 40. Kwathu sitimwa mowa, akuchimuna ena ndi a Seventh Day, komanso kubwera anzathu achisilamu a ku Mayfair. Sindikufuna kungoika makireti a Coke ndi Fanta. Komwe ndimagwira ntchito ndimaona alendo akupatsidwa zakumwa zokongola zopanda mowa, koma ine nditasakaniza juwisi wa mango, wa chinanazi ndi Sprite zinangotuluka ngati zakumwa za ana. Ndikulakwitsa pati? Kodi ndigule mabotolo aja a jini wopanda mowa?

Yankho: Achemwali, pomwe zinakhota paoneka kale m'funso lanu. Mango ndi otsekemera, chinanazi ndi chotsekemera, Sprite ndiye shuga yekhayekha. Munaika zotsekemera zitatu mu jagi imodzi popanda china choti chizibweze. Ndakhala kuseri kwa kauntala m'malo odyera a ku Rosebank ndi ku Melville zaka zoposa khumi, ine mwini wosamwa, ndipo pafupifupi aliyense amene ndinamuphunzitsa ntchitoyi anayambira pomwe mwayambira inupo.

Munthu akamamwa vinyo kapena jini samamva mowa wokha. Amamva kuwawasa, kuwawa pang'ono, kutentha kwina pakhosi, ndi kulemera pa lilime. Zimenezi ndi zomwe zimamuchititsa kumwa pang'onopang'ono, tambula imodzi n'kukhala nayo theka la ola akucheza. Fanta sakhala m'manja. Munthu amangogugudiza, mphindi ziwiri botolo lili pansi, maso ali pa lina. Ndiye mukachotsa mowa, ntchito yanu ndi kubwezeramo zinthu zinayi zija kuchokera kwina. Ndipo kwinako si kutali: ndi chidede, malambe, bwemba, jinja, tiyi ndi kambuzi. Ine zimandiseketsa kuona ufa wa malambe ukugulitsidwa m'timapaketi tokongola m'masitolo a ku Sandton, pomwe ife tinkagenda ndi miyala ku Mangochi ndi ku Balaka n'kumamung'unya ulere pobwera kusukulu.

Za jini wopanda mowa ndiyankhe msanga: pa anthu 40 musagule. Zakumwa za mtundu umenewu zinatchuka Seedlip itatuluka ku England mu 2015, ndipo kuno kuli zina monga Abstinence. Si zoipa, koma kwenikweni ndi madzi onunkhira masamba ndi makoko a zipatso, ndipo popanda toniki, chakumwa cha gasi chowawa pang'ono chija, zimamveka zopyapyala. Mtengo wake sutsika kwenikweni poyerekeza ndi wa jini weniweni. Botolo la 750 ml limatulutsa matambula 15 okha mukamathira 50 ml. Werengerani nokha. Palinso china. Ngati pakati pa alendo pali munthu amene anavutika kusiya mowa, chakumwa chonunkhira ngati jini chimatha kumudzutsira chilakolako chomwe anachigoneka movutikira. Muwerengenso bwino zolembedwa pa botolo: vinyo wolembedwa kuti de-alcoholised amakhala ndi kamowa kotsalira, mpaka 0.5%.

Pa nkhani yomweyi ndikuchenjezeni za chakumwa chomwe chili ndi dzina la kwathu. M'malo odyera ambiri kuno muli Malawi shandy, ndi m'bale wake rock shandy, ndipo anthu amaziitanitsa ngati zopanda mowa. Koma chimene chimazipatsa mtundu wofiirira ndi fungo lija ndi Angostura bitters, ndipo m'kabotolo kaja mowa ndi 44.7%. N'zoona kuti timangodonthezamo katatu kapena kanayi, ndipo m'tambula yonse mowa sufika ngakhale 1%. Koma kuchepa si kusakhalapo. Ndili watsopano pa ntchito ndinapatsa bambo wina wachisilamu rock shandy mosawauza. Atamwa theka anandifunsa mwaulemu chomwe chinali m'kabotolo kokulungidwa ndi pepala lalikulu kaja. Sanakalipe. Anangokankhira tambula patsogolo n'kupempha madzi. Manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo. Pa chinkhoswe chanu bitters asapondeko.

Tsopano ku khitchini. Choyamba kukonza ndi sirapu wa jinja, chifukwa ameneyu ndi amene atenge malo a kutentha kwa pakhosi kuja. Tengani jinja wamuwisi 200 g, mumutsuke, mumupale pa gireta osasenda n'komwe. Wiritsani madzi 500 ml, muphule, musungunulemo shuga 500 g, kenako muikemo jinja uja n'kuvundikira kwa ola limodzi. Sefani, mufinye bwino zotsalira. Musamuwiritse jinja pamoto. Akaphikidwa nthawi yaitali ukali wake umafooka, amatsala ndi fungo ngati la mabisiketi. Mu botolo loyera mu furiji sirapuyu akhala milungu iwiri bwinobwino. Ngati mukufuna aluse, ng'ambani kambuzi mmodzi mumuike m'sirapu akadali wofunda, mulawe pakatha mphindi 10, muchotse. Kambuzi saseweretsa, musachoke n'kupita kukachapa.

Chakumwa chachikulu cha tsikulo ndikanakhala ine ndikanachipanga ndi chidede. Kwathu timachidziwa ngati ndiwo yotendera, yowawasa ija ena tinkaikana tili ana. Anzathu a ku Nigeria amachimwa n'kumachitcha zobo, ku Ghana sobolo, ku Senegal bissap. Pitani ku msika wa ku Yeoville mukafunse zobo, akakupatsani timakoko tofiira touma. Chidede chili ndi zinthu zitatu nthawi imodzi: mtundu wofiira ngati wa vinyo, kuwawasa, ndi kuumitsa lilime pang'ono kuja kumene kumachititsa munthu kufuna kumwanso. Palibe juwisi wa m'bokosi amene angakupatseni zonsezi.

Muyezo ndi 50 g pa lita imodzi ya madzi. Chitsukeni kaye msangamsanga m'madzi ozizira, chimabwera ndi mchenga. Wiritsani madzi, muphule, muikemo chidede, kamtengo kamodzi ka sinamoni ndi ma clove 4 pa lita, muvundikire mphindi 20 mpaka 25. Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndiye madzi kuno amawira asanafike 100°C, pafupifupi pa 94°C. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuno kuposa ku Nsanje, ndipo n'chifukwa chomwecho zoviika m'madzi otentha ndimazipatsa mphindi zoonjezera. Poto akhale wa stainless steel kapena wa enamel. Wa aluminiyamu uja timaphikira nsima ayi: zowawasa zimadya chitsulo chake, chakumwa chimamveka ngati mwanyambita ndalama, ndipo mtundu umazilala. Mukasefa musathiremo shuga. Chizizire chili chowawasa choncho, shuga abwere pa nthawi yosakaniza kuti muzitha kuwongola.

M'tambula imodzi thirani chidede 90 ml, sirapu wa jinja 20 ml, madzi a ndimu 10 ml, ayisi wodzaza, kenako soda water 60 ml pamwamba. Ndikuti soda water wa m'botolo wa gasi uja, osati soda wathu wothira m'therere. Ngati mulibe choyezera, supuni yaikulu ndi 15 ml, yaing'ono ndi 5 ml, ndipo botolo loyamwitsira mwana lili ndi mizere ya ma ml yolondola kuposa maso a munthu aliyense. Lawani. Chikakhala chokuumitsani nsagwada onjezani sirapu supuni yaing'ono. Chikamveka ngati Sobo onjezani ndimu. Mulingo wabwino ndi pamene mukulephera kunena ngati chakumwacho ndi chotsekemera kapena chowawasa. Anthu athu ambiri pa kulawa koyamba adzati shuga wachepa. Musagonje msanga, dikirani amwe kachitatu. Ikani kajagi ka sirapu pambali kuti ofuna kutsekemera aonjezere okha.

Pali kachinsinsi kamene anthu a ntchito yathu sakonda kuuza makasitomala: mchere. Sungunulani mchere 20 g m'madzi 80 ml, muike m'kabotolo. Madontho awiri kapena atatu m'tambula samveka ngati mchere, koma amachepetsa kuwawa ndi kudzutsa kukoma kwa chipatso. Inu mukudziwa kale zimenezi, munadyapo mango osapsa ndi mchere ndi tsabola.

Malambe ntchito yake ndi ina. Iwo amabweretsa kulemera pa lilime kumene zakumwa zopanda mowa zimasowa kwambiri. Uzani wina wobwera pa basi kuchokera kumudzi akutengereni a nthanga, amakoma kuposa ufa wa m'sitolo. Makapu awiri a malambe muviike mu lita imodzi ya madzi ofunda kwa ola, mufikise ndi manja oyera mpaka nthanga zitsale zakuda, musefe pa sefa kenako pa nsalu yoyera kuti ulusi usatsale. Ngati muli ndi ufa, masupuni aakulu 6 pa lita. Uchi umagwirizana ndi malambe kuposa shuga, koma uchi ukakumana ndi ayisi umauma n'kumatirira pansi, ndiye muusungunule kaye ndi madzi ofunda muyezo wofanana.

Tengani botolo la jamu lopanda kanthu lokhala ndi chivindikiro cholimba. Thiranimo malambe 75 ml, uchi wosungunula 20 ml, ndimu 10 ml, madontho a mchere, ndi 15 ml ya madzi a m'chitini cha nchana. Inde, madzi aja timataya tikatsegula chitini. M'malo ogulitsira zakumwa amagwiritsa ntchito choyera cha dzira chachiwisi kuti pamwamba pachite thovu, koma dzira lachiwisi pa tsiku lotentha la Disembala, pali amayi oyembekezera ndi okalamba, ine sindingalole. Madzi a nchana amachita thovu lomwelo ndipo samveka nyemba. Khutchumulani kaye popanda ayisi mukuwerenga mpaka 15, muikemo ayisi, mukhutchumulenso, musefere m'tambula yaing'ono. Chimatuluka choyererako, cha thovu losalala pamwamba, ndipo mukapalira khoko la ndimu pamwamba pake palibe angakhulupirire kuti ndi malambe omwe aja a fulizesi. Koma ichi musapangire anthu onse 40, mikono idzathyoka. Pangirani ankhoswe, makolo ndi eni chinkhoswe, matambula 10 kapena 12. Ena onse malambe omwewo muwaike mu jagi popanda nchana, koma wina azitakasa asanathire chifukwa amadikha pansi.

Bwemba mukamupeza ku Fordsburg m'masitolo a amwenye ozungulira Oriental Plaza, woumbidwa ngati njerwa m'pulasitiki. Onani ngati sanathiremo mchere wambiri. Viikani 100 g m'madzi otentha 500 ml kwa theka la ola, mufikise, musefe. Thirani 40 ml m'tambula ya ayisi, ndimu pang'ono, mudzaze ndi Stoney, chakumwa cha gasi cha jinja chija. Shuga musaonjezere, Stoney ali naye wokwanira. Pakamwa pa tambula pakani ndimu n'kuviika mu mchere wosakaniza ndi tsabola wouma. Ichi ndi cha azibambo aja amene pa zochitika zopanda mowa amakonda kuzemba kupita kukaona ngati galimoto ili bwino. Chimaluma mokwanira kuti akhazikike.

Tiyi wakuda wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, wa Chombe ngati muli naye, akaviikidwa mphindi 6 n'kuzizira, amapatsa chakumwa kuumitsa lilime kuja ngati kwa vinyo, ndipo 30 ml mu bwemba kapena mu chidede amasintha zinthu. Koma mwanena kuti akuchimuna ena ndi a Seventh Day, ndipo ambiri a iwo samwa tiyi wa caffeine. Apa rooibos wa ku mapiri a Cederberg akuthandizani, alibe caffeine. Dziwani kuti rooibos sawawa ngakhale mumusiye nthawi yaitali bwanji, amangopereka fungo ndi mtundu. Ikani matumba 6 pa lita, pamodzi ndi makoko a lalanje, mphindi 15. Akazizira, theka rooibos theka toniki, ndi kagawo ka lalanje. Kuwawa kukuchokera ku toniki, chifukwa muli quinine, yemwe uja ankachiza malungo kale, koma wochepa kwambiri.

Mango anu aja musawataye mtima. Disembala ndi nyengo yake, a ku Limpopo amadzaza pa Joburg Market ku City Deep ndi m'misewu monse. Chomwe amafuna ndi chowawasa champhamvu. Dulani mango akupsa 500 g, musakanize ndi shuga 500 g, muvundikire mu furiji masiku awiri mpaka shuga atulutse madzi, musefe, muthiremo vinega wa maapozi 400 ml. Tsiku loyamba adzakununkhirani ngati achali, musadandaule. Pakatha sabata mu furiji vinega amafatsa. Masupuni aakulu awiri mu tambula ya soda water ndi ayisi, basi. Magalagadeya ndi chinanazi amachitanso chimodzimodzi.

Komabe pa tsikulo musapange zonsezi. Sankhani ziwiri za anthu onse, chimodzi chofiira chimodzi choyererako kapena cha bwemba, kuonjezera madzi ozizira a nkhaka ndi ndimu, ndi kireti imodzi ya Fanta ya ana. Tiyerekeze kuti munthu aliyense amwa matambula atatu, onse pamodzi 120, ndipo theka lake ndi chidede. Matambula 60 akufuna chidede malita 6, ndiye kuti chouma 300 g, sirapu wa jinja lita imodzi ndi 200 ml, madzi a ndimu 600 ml omwe ndi mandimu pafupifupi 15, ndi soda water malita 4. Chidede ndi sirapu konzani masiku awiri chinkhoswe chisanafike. Mandimu finyani m'mawa wa tsikulo, akagona amawawa moipa, ndipo a m'botolo a m'sitolo aja amamveka mankhwala. Sakanizani chidede, sirapu ndi ndimu m'zigubu zoyera, zikhale mu furiji. Soda water alowe pomaliza penipeni, m'tambula kapena mu jagi yomwe ikupita patebulo nthawi yomweyo. Mukathira gasi m'chidebe chonse m'mawa, pofika nthawi yoti ankhoswe asinthane nkhuku adzakhala atathawa kalekale.

Ayisi ndi amene amagwetsa anthu ambiri. Amaganiza kuti kuika timiyala tiwiri ndi kusamala chakumwa kuti chisasukuluke, pomwe zili mosiyana: ayisi wochepa amasungunuka msanga, tambula yodzaza ayisi imazizira kwambiri n'kukhala nthawi. Werengerani theka la kilogalamu pa munthu, ndiye kuti 20 kg. Furiji ya m'nyumba singakwanitse, komanso magetsi a kuno mukuwadziwa, ndiye gulani a m'mapaketi pa filling station m'mawa womwewo muike mu cooler box. Ayisi wa m'matambula akhale payekha, osati yemwe mwaviikamo mabotolo amene agwiridwa ndi manja a aliyense. Za m'majagi, umitsani madzi m'zidebe za majarini masiku atatu kusanafike, chibuma chachikulu chimasungunuka mochedwa. Matambula akhale agalasi ngati mungathe kubwereka kapena kuchita hayala. Chidede chomwecho mu kapu ya pulasitiki ndi mu tambula ya vinyo anthu amachilandira mosiyana, ndipo palibe chifukwa chokanira zimenezo.

Thobwa lisasowe, chinkhoswe chopanda thobwa azakhali adzachinena mpaka chaka chamawa, ndipo mageu a m'katoni salowa m'malo mwake. Koma mulisamale. Thobwa likakhalitsa pa kutentha limasasa n'kuyamba kusanduka mowa, ndiye liphikidwe dzulo lake, likazizira lilowe mu furiji. Chimodzimodzi jinja wofulula ndi yisiti ndi mphesa zouma amene anzathu a kuno amapanga pa maukwati ndi pa maliro: ameneyo amawira, ndipo akagona masiku mowa umakhalamo. Mukukumbukira mu 2020 boma litaletsa kugulitsa mowa mmene anthu anathamangira zinanazi? Makoko a chinanazi, shuga ndi madzi zikakhala masiku angapo pa kutentha zimadzifulula zokha. Chilichonse cha shuga chomwe mwakonza chikhale pozizira, ndipo botolo likayamba kufufuma kapena kuchita thovu lokha mutaye.

Mawu awiri a za thanzi. Chidede chimatsitsako BP, ndiye amene akumwa mankhwala a BP asachichulutse, ndipo amayi oyembekezera ndi bwino muwapatse malambe. Grapefruit ndamusiya dala ngakhale amawawa bwino, chifukwa amasokoneza mankhwala ena a BP ndi a mafuta a m'magazi, ndipo pa anthu 40 simungadziwe amene akumwa chiyani. A matenda a shuga apatseni chidede ndi ndimu ndi soda water popanda sirapu. Lembani pa timapepala zomwe zili mu jagi iliyonse, alendo a ku Mayfair ndi a Seventh Day asamachite kufunsa monong'ona.

Milungu iwiri chinkhoswe chisanafike pangani tambula imodzi ya chilichonse mulawe ndi mng'ono wanuyo, mulembe miyezo yomwe mwagwirizana, chifukwa chidede cha wogulitsa uyu ndi cha uyo sichiwawasa mofanana. Ndipo chidede chimathimbirira pa nsalu ngati utoto. Mkwatibwi mum'patse malambe, ndipo tebulo la chofiiracho liikidwe kutali ndi pomwe anthu azidzavinira pelekanipelekani.